Phazi Lotulukira Kunja kwa Mkeka

Bambo anga, a Peniamina, anaponda mwala wamoto Lamulungu m'mawa ndipo sanamve kanthu. Tinamva ndife, ndi mphuno.

Tinali kuseri kwa nyumba, pa umu, pamene timaphikira chakudya cha Lamulungu pa miyala yotenthetsedwa ndi makoko a kokonati. Mlongo wanga Afa ankayala miyalayo ndi mbaniro, ndipo umodzi unagubuduka n'kubisala m'phulusa. Bambo anabwera atavala kale malaya awo oyera a udikoni kudzaona ngati nsomba zakulungidwa bwino. Anaima pamwalapo opanda nsapato, akutifotokozera ndime imene abusa anawapatsa kuti akawerenge. Ankalankhula akumwetulira. Fungo la nyama yopserera linakwera nkhumba isanaikidwe n'komwe pamoto.

Afa ndiye anazindikira. Anawakankha ndi phewa, onse awiri n'kugwera pa nthochi zimene ndinali nditasenda. Chikopa cha kuphazi kwa bambo chinatsalira pamwala, chikufuka utsi. Bambo anachiyang'ana ngati ndi cha munthu wina, kenako anati tithokoze Mulungu chifukwa sizikuwawa.

Matenda a shuga anali atalowa kale m'nyumba mwathu. Anayamba ndi amayi. Kachilonda ka pachala anakasunga miyezi pansi pa nsalu, ndipo pamene tinawaolotsa nyanja kupita kuchipatala cha kutauni, mwendo unali utada. Anabwerako opanda mwendowo, ndipo chaka chisanathe tinawaika. Afa ananyamula nawo bokosi. Pamanda pomwepo analumbira kuti palibenso wa m'banja lathu amene adzakwere sitima kupita kubutchala kumeneko.

Ine ndinatenga njira ina, chifukwa cha Palepa. Palepa ndi wa mudzi woyandikana ndi wathu kuno pa chilumba cha Savai'i, ndipo tili atsikana tinkaimba kwaya imodzi, iye mawu apansi. Anapita ku yunivesite ku Nyuzilandi n'kukhala dokotala wofufuza za shuga. Kafukufuku wake anali wa mapazi. Zaka zambiri anayenda m'midzi akugwada pamaso pa okalamba, ndipo anaonetsa kuti mwendo suyamba kutayika tsiku limene chilonda chaoneka. Phazi limayamba lasiya kumva, mwini wake osadziwa. Zipatala za kunja zili ndi kachipangizo koyezera zimenezi. Iye anayesa ulusi wa mbedza, wodulidwa utali wa chala n'kumangidwa ku kamtengo, ndipo anapeza kuti umagwira ntchito yomweyo. Zimene analemba akuphunzitsira anamwino mpaka ku Tonga ndi ku Fiji. Koma chimene ankanyadira kwambiri ndi makomiti a amayi a m'midzi, amene anatiphunzitsa yekha kukhudza phazi ndi ulusiwo mpaka upindike, n'kufunsa munthu atatsinzina ngati wamva.

Tsiku la komiti linali la phokoso. Mayi Tautala, amene pakamwa pawo sipapuma, anamufunsa ulendo wina kuti, "Iwe Palepa, unaoloka nyanja yonseyo kukaphunzira kutekenya nkhalamba?"

"Eya mayi," anatero Palepa. "Amene akuseka ndilibe naye nkhawa. Ndimaopa amene sakuseka."

Ankatiuzanso za nyama ya m'chitini, michira ya nkhukundembo ndi shuga amene timathira m'tiyi mpaka supuni kuima, ndipo amayi ankavomera ndi mitu akutafuna mabisiketi. Ine ndikamagwira mapazi ong'alukawo ndinkakumbukira Ambuye wathu atamanga nsalu m'chiuno usiku wa mgonero, ndipo ntchitoyo sinkandinyansa.

Bambo anga okha sindinawayezepo. Kwathu kuno munthu salozetsa anzake kunsi kwa mapazi. Ukatopa kupinda miyendo m'nyumba, umaitambasula utafunditsa mkeka. Dikoni wamkulu ngati bambo sakanaonetsa mapazi awo kwa gulu la amayi, mwana wawo wamkazi ali pomwepo. Afa naye ankawalimbitsa mtima. Iye ankaona chinthu chimodzi chokha, kuti aliyense amene sanamve ulusi uja ankatumizidwa kuchipatala, ndipo ena ankabwerako atachotsedwa chala. Ambiri amene anabwerako athunthu sankawawerengera.

Ndiye Lamulungu limenelo Afa anapaka bambo mafuta a kokonati, n'kukulunga phazilo ndi masamba a nonu, mtengo wathu wa mankhwala, n'kuliveka sokosi. Bambo anakawerenga ndime yawo kutchalitchi ataimirira. Madzulo Afa anandipeza ndikutsuka mbale ndipo anandiuza motsitsa mawu kuti ndikangouza mayi wa ulusi uja, ndidzaona chimene sindinachionepo.

Anabweretsa mayi wina wotikita, amene ankabwera m'mawa uliwonse ndi masamba atsopano. Sabata itatha sokosi inayamba kunyowa. Kenako ntchentche zinayamba kuwatsatira bambo ngakhale popemphera. Nyumba zathu zilibe makoma, mphepo ya kunyanja imadutsa mmene ikufunira, komabe fungolo silinkachoka. Bambo anayamba kutentha thupi ndi kumwa madzi osakhuta. Ndikawapempha kuti ndione, ankati chilonda chosawawa ndi chilonda chimene chikupola. Ndinapemphera kuti Mulungu afewetse mtima wa Afa, koma nditaona kuti mwendo ukutupa pamwamba pa sokosi, ndinadziwa kuti sindingadikire. Ndinamuimbira foni Palepa Afa ali kumunda wa talo, mbewu yathu yonga chilazi.

Anafika dzuwa litapendeka, pa galimoto ya ntchito yake, ndi dalaivala. Anavula nsapato pakhomo, anakhala pansi mopinda miyendo monga mwa ulemu, n'kuyamba kucheza ndi bambo za kwaya yakale. Sanathamangire phazi. Ankadziwa kuti munthu ngati bambo umamufika pang'onopang'ono. Anali atangoyamba kupempha kuti amasule sokosiyo pamene tinamva galasi likusweka.

Afa anali atabwera kumunda, chikwanje chili m'manja. Anamenya galasi la kutsogolo kwa galimoto ndi msana wa chikwanjecho mpaka lonse linagwera mkati. Dalaivala anathawira m'nthochi. Afa anakwera pa miyala ya pakhonde, matope ali mpaka m'mawondo, maso ali psuu.

"Wabwera kudzayeza podula?" anatero.

Palepa anaimirira. Anamuuza kuti amayi athu anawakonda nayenso, ndipo kuti chimene chinawapha ndi miyezi imene anakhala kunyumba. Bambo anaitana Afa ndi dzina lake lonse laubatizo n'kumulamula kuti aike chikwanje pansi. Iye sanamve. Analoza chikwama cha Palepa n'kunena kuti achitenge azipita asanawerenge kawiri.

"Ndingoona kokha, Afa. Ukandiletsa lero, sitikambanso za chala. Tikamba za bondo."

Mawu akuti bondo ndi amene anamuyatsa. Anakweza chikwanje. Mpaka lero amati ankafuna kutema chikwama chimene chinali pa mkeka, ndipo mwina n'zoona, koma Palepa anatambasula dzanja kuti achitenge. Chikwanje chinalowa pachikhatho n'kutsetsereka mpaka pamkono. Sanakuwe. Anangokhala pansi mwadzidzidzi akuyang'ana dzanja lake lotseguka, magazi akuthovokera pa malaya a bambo ndi pa Baibulo limene linali pambali pawo.

Ndinamugwira Afa m'chiuno. Anandiponyera pa nsanamira, mutu wanga n'kugunda, mano kuluma lilime. Apo m'pamene anaima. Mwamuna wa kwathu saika dzanja pa mlongo wake, ngakhale ataledzera chotani. Anandiyang'ana ndili pansi, anayang'ana chikwanje, n'kuchitaya. Nthawi yomweyo belu la pemphero la madzulo linalira, mudzi wonse unayamba nyimbo m'nyumba zawo, ife tikumanga mkono wa Palepa ndi nsalu yanga. Iye mwini ndiye ankandiuza pomanga ndi mmene ndikokere. Dalaivala anamunyamula kupita naye kuchipatala cha m'boma lathu, galimoto ilibe galasi. Phazi la bambo sanalione.

Alongo ake a Palepa anabwera kusanade. Anali pa lole, ndi anyamata a mudzi wawo, atanyamula miyala ndi zitsulo. Wamkulu wawo, Lafaele, ndi munthu wodula mitengo, wa mapewa ngati chitseko. Afa sanathawe. Anamupeza ataima pamsewu manja ali m'mbali. Mwala woyamba unamuphwanya chibwano. Atagwa anamupondaponda, ndipo Lafaele anaika dzanja lamanja la Afa pa phula n'kulimenya ndi chitsulo, akumufunsa ngati ndi limeneli. Ndinamva mafupa akuthyoka ndili pakhonde. Anatentha khitchini yathu, anabaya nkhumba zonse m'khola n'kuzisiya zikuphupha. Apolisi atafika anatola Afa ngati thumba la kokonati wouma. Lafaele anakuwa ali pa lole kuti abweranso, ndipo ulendo umenewo ayatsa nyumba yaikulu ndi onse ogonamo.

Akuluakulu a mabanja a mudzi wathu anakumana m'mawa mwake. Anagamula kuti banja lathu lichite ifoga, kukagwada pakhomo la olakwiridwa, apo ayi tisamuke m'mudzi. Wogwada amakhala mkulu wa banja, ndipo mkulu wa banja lathu ndi bambo. Ndinawagwira miyendo kuwapempha kuti apite kaye kuchipatala, amalume akagwade m'malo mwawo. Thupi lawo linali ngati mwala wa pa umu. Anandisisita mutu n'kunena kuti munthu amene m'bale wake ali naye chifukwa amasiya ngakhale chopereka paguwa n'kuyamba wakayanjana naye, nanga phazi n'chiyani.

Tinanyamuka mbandakucha wa tsiku lotsatira. Tinatenga nkhuni, miyala ndi masamba a nthochi, monga amachitira, kutanthauza kuti tadzipereka ngati nkhumba, akafuna atiphike. Tinatenganso mkeka wosalala wa makolo athu, wa nthenga zofiira m'mphepete, umene agogo awo a bambo analuka. Pakhomo la kwa Palepa bambo anavula nsapato ndi sokosi yomwe, chifukwa munthu sagwada pamenepo atavala kanthu kuphazi. Masamba a nonu anagwa okha. Kunali kusanayere, sindinaone bwino. Anagwada pa timiyala ta pabwalo, anaweramitsa mutu mpaka pansi, ndipo amalume anawafunditsa mkeka uja. Ife tonse tinakhala m'mbali mwawo titazolika. Lamulo lake n'loti sulankhula, susuntha, mpaka mkulu wa banja linalo atadzachotsa mkekawo ndi dzanja lake. Akapanda kuchotsa, mumakhala pomwepo dzuwa lonse.

Dzuwa linatuluka, m'nyumbamo munali zii. Kenako Lafaele anatsika ndi nkhwangwa. Anazungulira mkeka uja pang'onopang'ono.

"Mwabwera ndi nkhuni zomwe? Mwatichepetsera ntchito, adikoni."

Anakankha nkhunizo ndi phazi kuziunjika, anathira petulo, n'kuyatsa. Anaponyamo miyala yathu ija umodziumodzi. Moto unali pafupi kwambiri moti m'mphepete mwa mkeka munayamba kupindika. Mng'ono wake anagenda mwala umene unang'amba khutu la amalume, ndipo amalume sanakweze dzanja kuti apukute, magazi ankangodontha pa bondo lawo. Lafaele anatema pansi ndi nkhwangwa pafupi ndi pamene panali mutu wa bambo, timiyala n'kuthethekera pa mkeka. Ankafuna kuti mmodzi wa ife adzuke kuti apeze chifukwa. Ine ndinkaimba mumtima nyimbo ya amayi ya pa maliro, mzere umodzi wokha mobwerezabwereza, chifukwa ina yonse inandithawa.

Nditazolika choncho ndinkaona mapazi a bambo. Mkeka umafunda mutu ndi msana, koma munthu akagwada mapazi amatulukira kumbuyo, kunsi kwake kutayang'ana kumwamba. Chimene bambo anabisa moyo wawo wonse chinali poyera. Kutsogolo kwa phazi lamanzere kunali dzenje lakuda, m'mphepete mwake motuwa, zala ziwiri zitafota ngati nthochi zopserera. Ntchentche zinadzazapo. Galu wa pakhomopo anabwera kudzanunkhiza, ndipo sindikanatha ngakhale kumuthamangitsa. Mkeka unkanjenjemera chifukwa bambo ankazizidwa pakati pa dzuwa ndi moto.

Galimoto inaima kumsewu, kumbuyo kwathu. Anali Palepa, akuchokera kuchipatala kumene anamusoka. Akanakhala kuti anagona m'nyumbamo, akanationa kutsogolo, akanaona mkeka ndi mitu yozolika basi. Koma anachokera kumbuyo. Ndinamva mapazi ake pa timiyala, kenako anaima.

Anagwada kumapazi a bambo, mkono wake uli m'nsalu yoyera yokoleka m'khosi. Anathamangitsa galu. Ndi dzanja lamanzere anagwira chidendene, anakanikiza pakakolo, anakwera pang'ono ndi chala akutsatira pamene pafiira. Lafaele anamukalipira kuti achoke pamenepo, akudzichotsa ulemu pamaso pa anthu amene anafuna kumupha. Palepa anaweramira kwa bambo.

"Bambo Peniamina, mukundimva?"

Mwambo suwalola kuyankha, koma mawu anatuluka pansi pa mkeka, ofooka. "Ndikukumva, mwana wanga. Tikhululukire."

"Dzanja langa mukulimva?"

"Lili pati?" anafunsa bambo.

Linali litagwira phazi lonse. Palepa anaimirira n'kuyang'ana m'nyumba, mmene amalume ake, mkulu wa banja lawo, anakhala chikhalire kuyambira m'mawa. Mkeka sanaukhudze, chifukwa si wake wochotsa.

"Amalume, tsikani muchotse mkekawu. Sitima ya masana ikatisiya, mawa mudzakhululukira munthu wa mwendo umodzi."

Lafaele anaima pakati pa iye ndi nyumba. Anamukumbutsa kuti madokotala anena kuti zala zake mwina sizidzagwiranso, ndipo anati anthuwa apse kaye ndi dzuwa mpaka madzulo, alawe pang'ono. Anatola chikuni choyaka n'kuchiyandikitsa pa mkeka mpaka nthenga zofiira za m'mphepete zinanyeka.

"Dzanja ndi langa, achimwene," anatero Palepa. "Mwathyola kale la Afa, silinandibwezere langa. Ndapita kwawo kukaona phazi ili, ndatemedwa ndisanalione. Lero labwera lokha pakhomo pathu, ndiye inu mundiletsenso?"

Mkulu uja anatsika ndi ndodo yake. Anadutsa Lafaele ngati sakumuona, anawerama, n'kunyamula mkeka. Bambo anayesa kudzuka koma anagwera chammbali, milomo itauma. Pamwambo wake pamayenera kutsatira malonje aatali m'nyumba, mphatso ndi chakudya. Mkuluyo anangoti mawu adikira, Mulungu wamva kale. Lafaele analavula pansi, anaponya nkhwangwa pa mtengo wa kokonati n'kulowera kunyanja. Mpaka pano sationa tikakumana.

Tinaipeza sitima ali pafupi kukweza chitseko, ndipo galimoto inalowa nafe momwemo. Pa ulendo wonse Palepa anakhala pansi m'galimoto, phazi la bambo lili pa miyendo yake, akuimbira foni madokotala amene ena anali ophunzira ake. Ine ndinagwira mutu wa bambo n'kumawanyowetsa milomo.

Anadula zala ndi kutsogolo kwa phazi. Chidendene chinatsala, bondo linatsala. Dokotala wodula anandiuza kuti tsiku lina limodzi likanasintha nkhani. Bambo anakhala m'chipatala nthawi yaitali, akuphunzira kudzibaya jakisoni ndi kumwa tiyi wopanda shuga, amene amati ndi chilango choposa mpeni.

Khoti silinaone za mkeka, Afa anamangidwa. Nditapita kukamuona kundende, chibwano chake chinali chomangidwa ndi mawaya ndipo dzanja linapola mokhota. Ndinamuuza kuti bambo akuyenda ndi miyendo yawo iwiri, ndi ndodo. Analankhula kudzera m'mano kuti, "Komabe anadula." Ndinavomera kuti anadula. Ndimamupempherera m'mawa uliwonse, ndipo sindinasiye kumutengera talo wophika.

Zala ziwiri za Palepa sizimva mpaka lero. Analemba nkhani ina yokhudza amuna akuluakulu amene amabisa mapazi chifukwa cha ulemu, ndipo tsopano m'midzi yambiri madikoni ndi amene amayeza amuna anzawo kuseri kwa tchalitchi. Kwathu bambo anakana zimenezo. Tsiku la komiti litafika anabwera okha ndi ndodo yawo, anakhala pakati pa amayi, n'kutambasula mwendo wamanja osafunditsa kanthu. Amayi onse anayang'ana kumbali, kupatula mayi Tautala, amene anati akhala zaka zonsezi akuganiza kuti madikoni amabadwa ndi sokosi.

Palepa anandipatsa kamtengo ka ulusi ndi dzanja lake lamanzere. Bambo anatsinzina. Ndinakhudza chala chachikulu, sanayankhe. Ndinakhudza pakati pa phazi, sanayankhe. Nditafika pachidendene anagwedeza mwendo pang'ono.

"Apo," anatero. "Apo ndamva."